Sialendoscopy mwa ana: tigonetse mwana kapena tidikire akule?

Kachere_ENT
Akuluakulu, ndibweretse nkhani ya sialendoscopy, kuja kolowetsa sikopu yopyapyala m'njira ya malovu. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 5. Tsaya lamanja limatupa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu kanayi pa chaka, ulendo uliwonse masiku atatu mpaka asanu, thupi limatentha pang'ono, kutafuna kumapweteka, kenako kumaphwa. Matsagwidi sangabwere kanayi pa chaka. Sikani ya ultrasound ikuonetsa timadontho takuda tambirimbiri m'kati mwa parotid, chiwalo chopanga malovu cha kutsogolo kwa khutu, koma mwala wotseka njira palibe. Kodi mwana wotere timugonetse ndi mankhwala n'kulowa ndi sikopu, kapena tidikire akule? Ndipo tikalowa, tilowe bwanji kuti tisaboole njira? Ndikufuna tsatanetsatane, osati zongoti zimathandiza.

Mlambe44
A Kachere, musanakhudze sikopu tsimikizani kaye kuti ndi juvenile recurrent parotitis, kuja kutupa kwa parotid kobwerezabwereza kwa ana. Zomwe mwafotokozazi zikufanana nayo: imakonda kuyamba pakati pa zaka 3 ndi 6, anyamata ndiwo ochulukirapo, kutupa kumakonda mbali imodzi ngakhale sikani imatha kuonetsa timadonthoto mbali zonse ziwiri, ndipo mwa ana ambiri imasiya yokha akamatha msinkhu. Koma dzina limeneli timapereka titachotsa kaye matenda ena. Yezani HIV, chifukwa kachilomboka kamatupitsa parotid mwa ana, kawirikawiri mbali zonse, mosapweteka, ndipo sikani imatha kuonetsa timatumba ta madzi. Yezani ma immunoglobulin, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi, makamaka IgA. Akakhala mtsikana, wayamba kutupa ali wamkulupo, mbali zonse ziwiri, yezani anti-Ro ndi anti-La m'magazi, zizindikiro za Sjögren, nthenda yomwe chitetezo cha m'thupi chimawononga ziwalo zopanga malovu ndi misozi, chifukwa mwa ana imakonda kuyamba ndi kutupa kwa parotid kobwerezabwereza, kuuma kwa maso ndi m'kamwa kumabwera mochedwa. Chotupa cholimba chomwe sichiphwa pakati pa maulendo si matenda amenewa. Pamenepo ganizani za TB ya anabere a m'kati mwa parotid, lymphoma (khansa ya anabere), kapena chotupa china.

Nkhwazi_wa_Ana
Ine ndikuti dikirani. Matenda otha okha mwana akakula, tikumugoneketseranji? Paracetamol 15 mg pa kilogalamu, madzi akumwa ambiri, kuthowa ndi nsalu yofunda, kusisita tsaya kuchokera kukhutu kulowera kukamwa. Mafinya akatuluka pakakhomo ka njira ya malovu m'kamwa kapena thupi likatentha kwambiri, antibayotiki wa amoxicillin-clavulanate. Basi.

Msangu
A Nkhwazi, kudikirako kuli ndi mtengo wake kwa mwana. Akayamba pa zaka 5 n'kusiya pa zaka 13, ndi zaka 8 za kutupa kanayi pa chaka, kujomba kusukulu ndi kumwa maantibayotiki omwe ena mwa iwo sanali ofunikira. Nahlieli ndi anzake ku Israel adafalitsa mu 2004 zotsatira za ana 26 omwe adawatsuka njira ndi saline (madzi a mchere) kudzera m'sikopu n'kusiyamo hydrocortisone (steroid wochepetsa kutupa), ndipo kutupa kudabwereranso mwa ana awiri okha. Ofufuza ena atawonkhetsa malipoti angapo mu 2015 adapeza kuti ana pafupifupi 73 mwa 100 alionse sadatupenso atachitidwa zimenezi. Si zochepa.

Nkhwazi_wa_Ana
Nanga m'malipoti amenewo ana omwe sadachitidwe kanthu ali kuti? Popanda gulu loyerekezera, matenda otha okha amakometsa chithandizo chilichonse. Mwana amabwera kwa inu chaka chomwe zavuta kwambiri, chaka chotsatira akadachepetsa kutupa ngakhale mukadangomuyang'ana.

Msangu
Pamenepo mwanena zoona, ndipo sindikukana. Umboni ulipowu ndi wa magulu ang'onoang'ono, ambiri opanda oyerekezera. Malire anga ine ndi awa: mwana wotupa kamodzi kapena kawiri pa chaka, mosavuta, adikire monga mwanenera. Wotupa katatu, kanayi kapena kuposa, kapena amene ulendo uliwonse umatha ndi kugonekedwa m'chipatala, ameneyo makolo ake auzidwe kuti njira ina ilipo. Auzidwenso mosabisa kuti mwana mmodzi mwa anayi akhoza kutupanso, ndipo ena amafunika kuchitidwa kachiwiri.

Mlambe44
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimasautsa okonda sikopu. Kalekale madokotala adaona kuti sialography, kuja kothira mankhwala oonetsa njira pa X-ray, inkachepetsa kutupa mwa ana ena ngakhale cholinga chinali kujambula chabe. Ndipo alipo omwe amangolowetsa kapaipi kakang'ono pakakhomo n'kuthira steroid popanda sikopu, zotsatira zake n'kukhala zabwino ndithu. Ndiye mwina chomwe chikuchiza ndi kukulitsa kakhomo ndi kutsuka, osati kuona. Sikopu phindu lake lenileni ndi lakuti mumaona pofinyika, mumaona zoundana zotseka njira, ndipo nthawi zina mumapeza kamwala komwe sikani idaphonya.

Wophunzira_Y3
Pepani akuluakulu, ine ndikadali kuphunzira. Sikopu yolowa m'njira ya malovu ya mwana ndi yaikulu bwanji? Ndipo njirayo payokha ndi yaikulu bwanji?

Msangu
Funso labwino. Mwa munthu wamkulu njira ya Stensen, ya parotid, m'mimba mwake ndi pakati pa 1.2 ndi 1.4 mm, ya Wharton, ya submandibular (chiwalo chopanga malovu cha kunsi kwa nsagwada), ndi pafupifupi 1.5 mm, koma kakhomo ka njira zonsezi ndi 0.5 mm basi. Mwa mwana sizichepa kwambiri monga mungaganizire, ndipo kakhomoko ndiko kamavuta. Masikopu a Karl Storz omwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi a 0.8, 1.1, 1.3 ndi 1.6 mm. Ya 0.8 ili ndi ngalande ya madzi yokha, ndi yoonera ndi kutsukira. Kuyambira ya 1.1 pali ngalande yachiwiri yodutsitsamo zida monga kadengu ka waya kokolera miyala kapena ulusi wa laser. Kwa mwana wa a Kachere, 0.8 kapena 1.1 yakwana, chifukwa ntchito ndi kutsuka. Ntchitoyi idayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Katz ku France ali m'gulu la oyamba, kenako Nahlieli, Marchal ku Geneva ndi gulu la ku Erlangen ku Germany ndiwo adaikulitsa.

Mtsinje_Blue
A Kachere mwafunsa kalowedwe, ndiye ndifotokoze mwadongosolo lake.

Choyamba, musalowe mwana akadali wotupa ndi wotentha thupi. Khoma la njira limakhala lofewa, limabooka msanga, ndipo madzi anu akankhira tizilombo m'kati. Chizani kaye, kuphwe, papite milungu ingapo.

Mwana akagona, ikani chotsekulira pakamwa mbali inayo, umitsani m'kati mwa tsaya ndi gozi, kenako sisitani parotid kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Kadontho ka malovu kakatuluka, kakhomo ndi pamenepo. Valani magalasi okulitsa kapena gwiritsani maikulosikopu. Yambani ndi probe (kachitsulo kopyapyala kotsegulira kakhomo) yochepetsetsa, saizi 0000, muziwonjezera saizi imodziimodzi osalumpha, kenako chokulitsira chosongoka chija kuti chitambasule kakhomo kokha. Probe isalowe kutali, sentimita imodzi yakwana, chifukwa kutsogoloko njira imakhota pomwe imazungulira m'mphepete mwa mnofu wotafunira wa masseter ndi kuboola mnofu wa m'tsaya wa buccinator. Ambiri amaboolera pamenepo. Pofuna kuwongola khotelo, gwirani tsaya ndi chala chachikulu ndi cholozera, likokereni kutsogolo ndi kunja. Kakhomo kakakana, lowetsani waya wotsogolera wofewa, zokulitsira zizitsetsereka pa wayayo. Ndi pang'onopang'ono koma simusochera.

Sikopu ikalowa, wothandizira azikankha saline pang'onopang'ono, chifukwa njira ya malovu imakhala yophwa, madzi ndiwo amaitsegula kuti muone. Bowo lakuda likhale pakati pa chithunzi nthawi zonse. Likasowa, bwererani m'mbuyo pang'ono mpaka lionekenso. Musakankhe pomwe simukuona. M'matenda amenewa khoma limaoneka loyera mbee, timitsempha ta magazi tomwe timaoneka m'njira yabwinobwino sitioneka, ndipo mumapeza zoundana zangati mamina ndi malo ofinyika. Lowani m'nthambi iliyonse yomwe sikopu ikukwana, tsukani mpaka madzi obwerera ayere, kenako siyani steroid m'kati potuluka. Nahlieli ankagwiritsa saline wokwana 60 ml ndi hydrocortisone 100 mg. Ena amathira triamcinolone kapena dexamethasone.

Chomaliza: musacheke kakhomo ka Stensen pofuna kufupikitsa ntchito. Kamapola ndi chipsera n'kutsekeka, ndipo mwana amatsala ndi vuto loposa lomwe adabwera nalo.

ManoAthu
A Mtsinje, ndiwonjezere pa kupeza kakhomo. Mabuku amati kali moyang'anizana ndi dzino lotafunira lachiwiri la m'mwamba, koma ameneyo ndi munthu wamkulu. Dzino limenelo limamera pa zaka 12. Mwana wa zaka 5 alibe ngakhale loyamba lachikhalire, lomwe limabwera pa zaka 6. Ndiye funani pafupi ndi dzino lakumapeto lomwe lilipo m'mwambamo, ndipo khulupirirani kadontho ka malovu kuposa dzino. Onaninso mano ake ndi nkhama. Dzino lobooka la m'munsi limatupitsa tsaya ndi anabere, makolo n'kumati ndi matenda omwe aja abweranso.

Wogonetsa
Mbali yathu ogonetsa odwala. Chonde tiuzeni msanga kuti ndi sialendoscopy, kuti tisapereke atropine kapena glycopyrrolate mwachizolowezi. Mankhwala amenewa amaumitsa malovu, ndipo mudzataya theka la ola mukufuna kakhomo kouma.

Chachiwiri ndi chomwe chimandidetsa nkhawa pa 60 ml ija. Parotid ili ndi mbali yakuya yomwe ili pafupi ndi khoma la kummero. Madzi akakankhidwa mwamphamvu, kapena njira ikabooka inu osadziwa, amalowa m'minofu n'kutupitsa kummero. Malipoti a ana omwe adavutika kupuma atachitidwa zimenezi alipo. Ku submandibular n'chimodzimodzi, madzi amakweza pansi pa kamwa n'kukankhira lilime kumbuyo. N'chifukwa chake mwana wamng'ono ndimafuna akhale ndi chubu chopumira m'kholingo, ndipo tisanachichotse tiyang'ane kummero ndi pansi pa lilime ndi laryngoscope, chida choonera kummero. Pakakhala kutupa, chubu chikhale kaye, mutu ukwezedwe, madziwo amayamwika m'maola ochepa.

Mtsinje_Blue
A Wogonetsa akunena zoona, ndipo 60 ml ndaitchula monga zomwe zidalembedwa, osati lamulo. Mwana wa makilogalamu 18 simungamuthire ngati wa zaka 14. Wokankha madzi agwiritse sirinji ya 10 kapena 20 ml pa kapaipi kowonjezera, azikankha pang'ono n'kupumira, ndipo azitchula mokweza kuchuluka komwe kwalowa sirinji iliyonse ikatha. Dzanja lina likhale pa tsaya. Parotid kutupa mofewa ndi zoyembekezeka. Ikalimba ngati thabwa, kapena tsaya likafufuma mwadzidzidzi kutsogolo kwa masseter, imani.

Wophunzira_Y3
Nanga mumadziwa bwanji kuti mwaboola, ngati magazi sakutuluka?

Mtsinje_Blue
Chithunzi chimasintha. Bowo lozungulira limasowa, mumaona zoyera zangati ukonde wa kangaude kapena mafuta achikasu, madzi sabwereranso pakakhomo, ndipo tsaya limakula mukuyang'ana. Siyani madzi nthawi yomweyo, tulutsani sikopu. Mukatha kupeza njira yeniyeni ndi waya mosavuta, mutha kusiya kapaipi ka stent kuti ipolere pamenepo. Mukalephera, lekani, perekani antibayotiki, muoneni mwanayo mawa lake. Kubooka kwakung'ono kumapola kokha. Chomwe chimawononga ndi kulimbikira.

SisitaWaFiyeta
Madokotala mukukamba za mwana, ine ndikambe za sikopuyo, chifukwa ikafa ntchito yonse yaima. M'kati mwake muli timaulusi ta galasi tonyamula chithunzi. Mukaipinda kwambiri timaduka, ndipo timadontho takuda timayamba kuoneka pa sikirini mpaka chithunzi chitatheratu. Musaigwiritse ngati chokulitsira, musakanikizire nayo pa dzino, ndipo isaikidwe pa tebulo pansi pa zida zina. Ngalande ya madzi ndi ya 0.25 mm yokha. Saline akaumiramo mchere umatseka, triamcinolone nayo ndi yamatope. Ikangotuluka m'kamwa tsukani ngalande zonse ndi madzi oyera osakhala a mchere, pitirizani ndi kabulashi kake, umitsani ndi mpweya, ndipo poipha tizilombo tsatirani zomwe wopanga adalemba pa mtundu umenewo. Kadengu kalowetsedwe m'ngalande kali kotseka, sikopu ili yowongoka.

Sikani_Usiku
Tapatuka pang'ono, koma popeza miyala yatchulidwa. Mwa ana miyala ya malovu ndi yosowa, pafupifupi 3 mwa 100 ya odwala miyala onse, ndipo yambiri imakhala mu submandibular. Zifukwa zake n'zodziwika: malovu ake ndi olimbirako, ali ndi calcium wambiri, ndipo njira ya Wharton imakwera chokweza kuti ikatulukire pansi pa lilime. Nkhani yake imasiyana ndi ya a Kachere. Kutupa kumabwera mwana akayamba kudya, kunsi kwa nsagwada, n'kuphwa pakapita ola limodzi kapena awiri. Sikani ndiyo yoyamba chifukwa ilibe cheza choopsa, koma imaphonya miyala yosakwana 2 mm ndi yomwe ili pafupi ndi kakhomo, kuseri kwa fupa la chibwano. Mumuyamwitse chowawasa musanajambule, njira imafufuma kumbuyo kwa chotsekacho n'kuoneka bwino. CT, yomwe imajambula ndi cheza cha X-ray, isungidwe pomwe yankho lake lisinthe opaleshoni.

Kachere_ENT
Musaope kupatuka, a Sikani, nkhani ndi yomweyi. A Msangu, malire a kadengu ndi ati?

Msangu
Mwala woyendayenda wosaposa 3 mm mu parotid, kapena 4 mm mu submandibular, umatuluka ndi kadengu. Dutsitsani kadengu kali kotseka kuseri kwa mwala, katseguleni kumeneko, kokani pang'ono mukukazunguza mpaka mwala ulowe, tsekani, kenako tulutsani sikopu ndi kadengu pamodzi. Pakakhomo ka Wharton mwala umakonda kukakamira, ndipo apo kucheka pang'ono pamwamba pa mwalawo n'kololedwa. Mukatulutsa, lowaninso. Kumbuyo kumatha kukhala wachiwiri.

Vuto lalikulu ndi kukola mwala woposa njira. Sutuluka, ndipo kadengu sikamasuka. Mukakoka mwamphamvu mumazula njira yonse. Yesani kaye kuukankhira m'mbuyo pamalo otakasuka kuti mumasule. Zikakanika, dulani chogwirira cha kadengu, tulutsani sikopu, ndipo tsatirani wayayo pocheka mpaka pamwala. N'chifukwa chake chilolezo cha makolo chizitchula kucheka ngakhale mwakonza za sikopu yokha.

Mwala wokulirapo kapena womatirira umafuna kuphwanyidwa kaye, kawirikawiri ndi laser ya holmium, madzi akuyenda nthawi yonse kuti kutentha kusawotche khoma, nsonga ya ulusi ikhudze mwala osati khoma. Njira ina ndi yophatikiza: sikopu imaunikira pomwe pali mwala, inu n'kucheka pansi pa kamwa. Samalani lingual nerve, mtsempha wa ubongo wopita kulilime, imadutsa kunsi kwa njira ya Wharton chakumbuyo. Ikavulala mwana amamva dzanzi theka la lilime. Ku parotid kucheka kumakhala kwa kunja, ndipo nthambi ya facial nerve (mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope) yopita kutsaya imayenda moyandikana ndi njira.

Nkhwazi_wa_Ana
Pa miyala sinditsutsa ngakhale pang'ono. Kale mwana wa mwala wakuya ankachotsedwa submandibular yonse, chipsera pakhosi, ndi chiopsezo cha mlomo wam'munsi kupotoka. Apa sikopu yasinthadi zinthu. Kukayika kwanga kuli pa kutupa kopanda mwala kokha.

Wophunzira_Y3
Kodi mwana wamkulupo sangachitidwe ali maso, kuti nkhawa ya a Nkhwazi yogonetsa ichepe?

Wogonetsa
Zimatheka kwa ena a zaka 8 kapena 10 kupita m'tsogolo, odekha, ngati ntchito ndi kuona ndi kutsuka chabe. Mumapaka mankhwala a dzanzi pakakhomo, kenako n'kuthira lidocaine, nayenso wa dzanzi, m'njira kudzera m'sikopu. Werengani mlingo musanayambe: lidocaine wopanda adrenaline asapose 4.5 mg pa kilogalamu. Wa 2% ali ndi 20 mg mu ml iliyonse, ndiye mwana wa makilogalamu 30 malire ake ndi 135 mg, osakwana 7 ml, kuphatikizapo wopaka uja. Wa zaka 5 ayi. Akagwedeza mutu sikopu ili pakhota la masseter, mwaboola njira ndipo mwathyola sikopu.

Mlambe44
Gulu lina lomwe tisaliiwale ndi achinyamata omwe adalandira radioactive iodine, ayodini wotulutsa cheza, chifukwa cha khansa ya chithokomiro. Iodine amasonkhana m'ziwalo zopanga malovu, makamaka parotid, njira zimafinyika n'kudzaza zoundana. Kutsuka ndi kukulitsa kumachepetsa kutupa ndi ululu mwa ambiri, koma sikubweza malovu ngati chiwalocho chidafota kale. Auzeni zimenezo asanalowe.

Kachere_ENT
Zamveka. Chatsala ndi ichi: mwana uja amatupa kumanja kokha, koma tiyerekeze kuti sikani yaonetsa timadontho kumanzerenso. Titsuke mbali zonse ulendo umodzi?

Msangu
Ambiri amatsuka zonse ziwiri, poti mwana wagona kale ndipo mbali yachete ija imatha kudzayamba pambuyo pake.

Wogonetsa
Mbali ziwiri ndi madzi owirikiza mozungulira mmero umodzi. Mukasankha zimenezo yambani ndi yodwalayo, tiyang'ane kummero, kenako tigwirizane ngati tipitirire.

Nkhwazi_wa_Ana
Mbali yomwe sinatupepo isiyeni. Timachiza mwana wodandaula, osati chithunzi cha sikani, ndipo kakhomo kabwinobwino mukakang'amba mwapanga matenda pomwe panalibe.

Mtsinje_Blue
Apa ndili ndi a Nkhwazi, pokhapokha ngati mbali inayo idatupapo ngakhale kamodzi. Pa za pambuyo pake: makolo auzidwe kuti tsaya lituluka m'fiyeta lili lotupa kuposa momwe lidalowera, ndipo liphwa pakati pa tsiku limodzi ndi awiri. Mwana akhale maola angapo tikumuona kapumidwe ndi kamezedwe asanapite kunyumba. Kunyumba amwe madzi ambiri, asisitidwe tsaya kangapo pa tsiku kuchokera kukhutu kulowera kukamwa, paracetamol akamva ululu. Abwerere msanga kutupa kukamakula m'malo mophwa, khungu likafiira, thupi likatentha, kapena mawu akasintha. Stent musaike mwachizolowezi mwa mwana wamng'ono, amaizula ndi lilime kapena zala. Isungireni pomwe mwakulitsa malo ofinyika kwambiri kapena pomwe pabooka, ndipo isokereni kutsaya.

SisitaWaFiyeta
Ndipo apatseni makolo pepala loti azilembapo tsiku lomwe kutupa kwayamba, mbali yake, masiku omwe kwatenga, ndi mankhwala omwe mwana wamwa. Ayambe kulemba miyezi isanafike opaleshoni, osati pambuyo pake pokha. Akabwera pa miyezi 3, 6 ndi 12 abwere nalo pepalalo.